Thumba la feteleza limayambira mumpweya: nkhani ya chitsulo chodyetsa theka la dziko

Mwezi wa October ukamapita kumapeto, mafoni a achinyamata ambiri a m'tauni amayamba kulira mofanana. Ndi mayi kumudzi. Moni amakhala wautali monga mwa masiku onse: za odwala, za maliro a kutsidya, za mbuzi imene yaswa. Kenako mawu amatsika pang'ono. "Mizere ndiye ndamaliza kuunga, koma nkhani ndi ya feteleza ija." Inu mumayang'ana zimene zatsala pa Mpamba kapena pa Airtel Money, n'kupumira m'mwamba.

Thumba la makilogalamu 50 limenelo tonse timalidziwa. Timadziwa kulemera kwake pa njinga, timadziwanso ululu wa mtengo wake. Koma ndi angati adadzifunsapo kuti timibulu toyera ta Urea timachokera kuti? Ena amaganiza kuti amachita kukumba pansi ngati malasha. Ayi ndithu. Chakudya cha mbewu chimene chili m'thumbamo chidatengedwa mumpweya womwe mukupumawu. Ndipo chimene chidachikoka mumpweyamo ndi timiyala takuda ta chitsulo, totsekeredwa mu chipaipi chachikulu chimene sichizima usana ndi usiku.

Chuma chili pamphuno, koma n'chokhoma

Chimanga chikamachita chikasu masamba a m'munsi, alangizi amati chasowa nayitrojeni. Chodabwitsa n'chakuti nayitrojeniyo ali ponseponse. Pa magawo 100 aliwonse a mpweya wotizungulira, 78 ndi nayitrojeni. Ndiye kuti chimanga chimafa ndi njala chitaima m'kati mwa nkhokwe yodzadza.

Vuto lake ndi ili: mumpweya, nayitrojeni amayenda awiriawiri, ndipo awiriwo ndi omangana ndi mfundo zitatu zolimba kwambiri. Mizu ya chimanga singathe kumasula mfundozo. Pa chilengedwe, zimene zimatha kutero ndi mphezi komanso tizilombo tina tosaoneka ndi maso, monga timene timakhala m'timatuza ta kumizu ya soya, mtedza ndi nandolo.

Kwa zaka zambiri zimenezi pamodzi ndi manyowa zinkakwanira. Anthu atachuluka, mayiko a ku Ulaya adayamba kutumiza sitima kukatuta zitosi za mbalame za m'nyanja pa zilumba za ku Peru, kenako mchere wa nayitrojeni wa m'chipululu cha Atacama. Chumachi chidali cha mtengo wapatali moti mu 1879 dziko la Chile lidamenya nkhondo ndi Peru ndi Bolivia polimbirana dera limenelo. Mu 1898, wasayansi wa ku Britain, William Crookes, adachenjeza pa msonkhano mumzinda wa Bristol kuti migodi imeneyi ikadzatha, tirigu adzachepa ndipo njala idzavuta, pokhapokha asayansi atapeza njira yotengera nayitrojeni mumpweya.

Nkhoswe yosakwatira

Pa pepala njirayo idali yodziwika. Mukaphatikiza nayitrojeni ndi mpweya wina wopepuka wotchedwa hayidrojeni, mumapeza amoniya, mpweya wa fungo loboola mphuno umene ndi kholo la feteleza yense wa nayitrojeni. Koma awiriwa mukangowaika malo amodzi, amangodutsana ngati sakudziwana. Mukawatenthetsa kwambiri kuti mfundo zija zimasuke, amoniya amene wapangidwayo nayenso amasweka. Mukachepetsa moto, palibe chimene chimachitika. Pamafunika wachitatu.

Wachitatuyo asayansi amamutcha catalyst. Kuti timvetse msanga, tiganize za ankhoswe. Ankhoswe amakumanitsa mbali ziwiri zimene pazokha zikadazengereza, amafewetsa nkhani, ukwati n'kumangidwa. Koma iwo sakwatira kapena kukwatiwa pa tsikulo. Amabwerera kwawo ali chimodzimodzi, okonzeka kukamanga banja lina. Catalyst amatero: amafulumizitsa kugwirizana kwa zinthu ziwiri, iye osatha, osalowa mu chinthu chimene chapangidwacho.

Pa nkhani ya amoniya, nkhosweyo ndi chinthu cholimba, pamene okwatiranawo ndi mipweya. Nayitrojeni akatera pa chitsulo amamatirira, chitsulocho n'kumukoka mpaka mfundo zitatu zija zitamasuka. Hayidrojeni nayenso amatera pomwepo n'kugawikana. Kenako hayidrojeni atatu amagwira nayitrojeni mmodzi, mmodzimmodzi, amoniya n'kunyamuka, malo aja n'kutsala opanda kanthu kudikira ena. Zonsezi zimachitika pa khungu la chitsulo basi, osati m'kati mwake. Gerhard Ertl, wasayansi wa ku Germany amene adafotokoza bwino sitepe iliyonse ya zochitikazi, adalandira mphoto ya Nobel mu 2007, patadutsa zaka pafupifupi 100 chiyambire anthu kugwiritsa ntchito njirayi.

Amuna atatu ndi mwala wa ku Sweden

Mu July 1909, mumzinda wa Karlsruhe ku Germany, Fritz Haber ndi womuthandiza wake wa ku Britain, Robert Le Rossignol, adaonetsa akuluakulu a kampani ya BASF kamakina kokwana patebulo kamene kankadontha amoniya. Adali madontho chabe, koma adali madontho ochokera mumpweya. Catalyst amene Haber adagwiritsa ntchito adali osmium, chitsulo chosowa kwambiri moti chonse chimene chidalipo pa dziko nthawi imeneyo sichikadakwanira mafakitale.

Mutu umodzi susenza denga. Ntchito yofufuza catalyst wotchipa idapatsidwa kwa Alwin Mittasch. Iye ndi anzake adapanga timakina tambiri toyesera, n'kumayesa chinthu chimodzi pambuyo pa chinzake, usana ndi usiku. Pofika 1912 adali atachita mayeso pafupifupi 6,500 pa zinthu zosiyanasiyana pafupifupi 2,500. Chimene chidawatsegula maso chidali mwala wa chitsulo wochokera ku mgodi wa Gällivare ku Sweden. Mwalawo udagwira ntchito bwino kuposa chitsulo choyeretsedwa. Atafufuza adapeza kuti chinsinsi chidali mu "zinyalala" za m'mwalamo. Kachigawo kochepa ka aluminium oxide kamaletsa timibulu ta chitsulo kusungunukirana n'kukhala chibuluma chimodzi, pamene ka potaziyamu kamawonjezera liwiro la ntchito. Mpaka lero mafakitale ambiri a amoniya akugwiritsabe ntchito chisakanizo chofanana ndi chimene Mittasch adapeza.

Wachitatu adali Carl Bosch, amene adayenera kusandutsa kamakina ka patebulo kukhala fakitale. Mapaipi ake oyamba ankaphulika patangotha masiku ochepa. Atawacheka adaona kuti hayidrojeni wotentha amalowerera mu chitsulo cholimba n'kudya kaboni amene amachilimbitsa, chitsulocho n'kufumbwa ngati nsichi yodyedwa ndi chiswe. Nzeru yake idali yoika chitsulo chofewa m'kati ngati chovala cha m'kati, cholimba kunja, n'kuboola timabowo ting'onoting'ono pa chakunjacho kuti hayidrojeni wothawa azitulukira pomwepo. Mu September 1913 fakitale yoyamba idatsegulidwa ku Oppau, pafupi ndi Ludwigshafen, yotha kupanga matani pafupifupi 30 pa tsiku. N'chifukwa chake njirayi imatchedwa Haber-Bosch. Haber adalandira Nobel ya 1918, Bosch ya 1931. Mittasch, mwini mayeso masauzande aja, sadalandire.

Mtondo ndi chigayo

Pali njira ziwiri zopangira zinthu zambiri, ndipo zonse timazidziwa pakhomo. Yoyamba ndi ya mtondo: mumathira chimanga, kusinja, kukhuthula, kupeta, n'kuyambiranso. Yachiwiri ndi ya chigayo: chimanga chikulowa kumwamba, ufa ukutuluka kumunsi, makina osaima. Mafakitale a amoniya ndi chigayo. Catalyst amakhala phee m'malo mwake ngati nyundo ndi sefa ya chigayo, mipweya ndiyo imayenda, kulowa uku, kudutsa m'mipata ya timiyala, kutulukira uko.

Ubwino wa catalyst wolimba uli pomwepa. Akadakhala wamadzimadzi akadasakanikirana ndi amoniya, n'kumafunika kusefa nthawi zonse. Poti ndi timiyala, amatsalira mu chipaipi pamene katundu akupita. Timiyalato n'todzadza ndi timabowo ngati siponji, moti galamu imodzi yokha ili ndi khungu loti mutaliyala lingakwane pansi pa chipinda chogona. Fakitale imathira matani ambirimbiri a timiyalati kamodzi, n'kugwira nato ntchito zaka 10 kapena kuposa.

Ulendo wake umayenda chonchi. Nayitrojeni amachokera mumpweya, waulere. Hayidrojeni m'mafakitale ambiri amachokera mu gasi wa pansi pa nthaka, ngakhale ku China ambiri amagwiritsa ntchito malasha. Choyamba gasiyo amamuchotsa safa, chifukwa safa ndi poizoni kwa catalyst: amamatirira pa khungu lija osachokapo, malo ogwirira ntchito n'kutsekeka. Kenako gasi amamusakaniza ndi nthunzi ya madzi n'kumudutsitsa m'mapaipi otentha madigiri 800 kapena kuposa, odzadza ndi catalyst wina wa nickel, ndipo hayidrojeni amamasuka. Pamatsatira ma catalyst ena a chitsulo ndi kopa oyeretsa mpweyawo. Pomaliza, nayitrojeni gawo limodzi ndi hayidrojeni magawo atatu amapanikizidwa mwamphamvu kuwirikiza ka 150 mpaka 300 kuposa mpweya wa panja, n'kulowa mu chipaipi cha timiyala ta chitsulo pa madigiri 400 mpaka 500. Kuti muone kukula kwake, tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa kuwirikiza kawiri kokha.

Ngakhale zonsezi zitachitika, pa ulendo umodzi ndi magawo pafupifupi 15 okha pa 100 amene amasanduka amoniya. Apa ndi pamene nzeru ya chigayo imaonekera. Mpweya wotuluka amauziziritsa, amoniya n'kusanduka madzi n'kupatulidwa, wotsalawo n'kubwezedwa kuti ukadutsenso, monga momwe mumabwezera misere mu chigayo. Ukazungulira choncho, pafupifupi wonse umatha kusanduka. Kutentha kumene kumabadwa popanga amoniya sikutayidwa: kumatenthetsa mpweya wolowa ndi kuwiritsa nthunzi yoyendetsa makina. N'chifukwa chake fakitale yotere saizimitsa Lachisanu madzulo kuti adzaiyatse Lolemba. Kuidzutsa kumatenga masiku, ndipo ikayaka imayenda chaka ndi chaka, n'kuima pokhapokha pa nthawi yoikonza.

Mafakitale akuluakulu a lero amapanga matani 2,000 mpaka 3,000 a amoniya pa tsiku. Matani 2,000 akaphatikizidwa ndi mpweya wa carbon dioxide wochokera mu gasi yemwe uja, amatulutsa Urea wokwana matumba pafupifupi 70,000. Pa tsiku limodzi, aise. Thumba lililonse la Urea lili ndi makilogalamu 23 a nayitrojeni amene miyezi ingapo yapitayo ankangouluka m'mlengalenga.

Ndipo si Urea yekha. Feteleza wa CAN amafuna asidi amene amapangidwa podutsitsa amoniya pa ukonde wa platinum. Fosifeti wa mu feteleza wokulitsa amasungunulidwa ku miyala ndi asidi wa safa, yemwenso amapangidwa pa catalyst wa vanadium. Ngakhale galimoto yanu yochokera ku Japan ili ndi kafakitale kotere ku ekizozi: kabokosi kamene amakaniko amangoti "catalyst", mmene utsi umadutsa pa platinum, palladium ndi rhodium n'kuchepa poizoni. Platinum wambiri wa pa dziko lapansi amakumbidwa ku South Africa.

Chifukwa chake nkhondo ya kutali imafika pa munda wa mayi

Tsopano tibwerere ku foni ija. Mpweya ndi waulere, catalyst amakhala zaka. Ndiye tikagula thumba timalipira chiyani? Timalipira gasi. Pa ndalama zopangira amoniya, gasi ndiye amadya gawo lalikulu, nthawi zambiri kupitirira magawo 7 pa 10. Thumba la Urea kwenikweni ndi gasi amene waumitsidwa n'kukhala timibulu.

Mu 2021 mtengo wa gasi udayamba kukwera, ndipo nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu February 2022 udathamangiratu. Mafakitale ambiri a amoniya ku Ulaya adachepetsa ntchito, ena adazimiratu, chifukwa kupanga kudadula kuposa kugulitsa. Russia nayo ndi limodzi mwa mayiko ogulitsa feteleza wambiri kunja. Feteleza adachepa pa msika wa dziko lonse, mtengo n'kukwera.

Malawi alibe fakitale ya amoniya. Mafakitale a feteleza amene tili nawo, monga ya ku Liwonde, amasakaniza ndi kulongedza zinthu zochokera kunja. Katunduyo amabwera pa sitima za pamadzi mpaka ku Beira kapena Nacala, n'kukwera malole kapena sitima ya pamtunda, ndipo amagulidwa ndi madola. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, thumba lomwe lija lidafuna makwacha ochuluka. Ngakhale mu ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP, thumba limene mlimi ankalipira K4,495 mu 2020 lidafika pa K15,000 mu 2022. Paipi ikazizira ku Ulaya, mbale ya nsima imachepa ku Ntchisi.

Bwanji osangomanga yathu?

Funsoli limabwera chaka chilichonse pa Facebook ndi m'minibasi, ndipo ndi funso labwino. Yankho lake lagona pa chikhalidwe cha chigayo chija. Fakitale yosazima imafuna chakudya chosaduka. Nigeria ili ndi gasi wambiri, n'chifukwa chake mu March 2022 kampani ya Dangote idatsegula fakitale ku Lekki, pafupi ndi Lagos, yotha kupanga matani 3 miliyoni a Urea pa chaka. Anansi athu a ku Mozambique ali ndi gasi ku Pande ndi Temane, komanso wochuluka zedi pansi pa nyanja ku Cabo Delgado. Ife tilibe chitsime cha gasi chimene chikugwira ntchito.

Njira ina ilipo: kutenga hayidrojeni m'madzi pogwiritsa ntchito magetsi. Si yachilendo kuno kummwera kwa Africa. Ku Kwekwe m'dziko la Zimbabwe, kampani ya Sable Chemicals idapanga amoniya mwanjira imeneyi kuyambira m'ma 1970 mpaka 2015, pamene kuchepa ndi kudula kwa magetsi kudaimitsa mbali imeneyo ya ntchito. Magetsi ake si a masewera. Fakitale ya matani 2,000 pa tsiku itati iyendere magetsi okha, ingafune mphamvu zoposa zimene Nkula, Tedzani ndi Kapichira amapanga akaphatikizana. Ndipo magetsiwo asamathimethime, chifukwa catalyst sakondwa ndi kutentha kokwera n'kutsika.

Apa ndi pamene asayansi a lero akulimbana napo: kupeza catalyst wogwira ntchito pa moto wochepa ndi kupanikiza kochepa, kuti fakitale ichepe msinkhu n'kutha kuyendera dzuwa kapena mphepo. Chitsulo china chotchedwa ruthenium chimagwira ntchito mwachangu kuposa chitsulo wamba ndipo mafakitale ochepa adachiyesa kale, koma n'chodula. Kwa wachinyamata amene akuphunzira chemistry kapena uinjiniya ku MUST, ku MUBAS kapena ku UNIMA, funso limene Mittasch adalimbana nalo lija silidatsekedwe.

Walira mvula walira matope

Lero dziko lapansi limapanga matani pafupifupi 180 miliyoni a amoniya pa chaka, ndipo akatswiri amawerengera kuti chakudya cha pafupifupi theka la anthu onse chimadalira feteleza wochokera mu njirayi. Kunena kwina, mbali ina ya nayitrojeni wa m'minofu yanu idadutsapo pa timiyala takuda tija.

Koma mphatsoyi idabwera ndi matope ake. Amoniya yemweyo ndi kholo la zophulitsira mabomba, ndipo mafakitale a BASF adathandiza Germany kupitiriza nkhondo yoyamba ya dziko lonse pamene sitima za ku Chile zidatsekeredwa njira. Haber mwiniwake adatsogolera kugwiritsa ntchito mpweya wa poizoni wa chlorine pa asilikali ku Ypres mu April 1915. Mu 1933 adachoka ku Germany chifukwa adali wa mtundu wa Chiyuda, n'kukafera ku Basel chaka chotsatira. Ku Oppau komweko, pa 21 September 1921, nkhokwe ya feteleza idaphulika n'kupha anthu oposa 500. Masiku ano mafakitale a amoniya amadya pakati pa 1 ndi 2 peresenti ya mphamvu zonse zimene dziko limagwiritsa ntchito, n'kutulutsa mpweya wambiri wotenthetsa dziko. Ndipo pafupifupi theka la nayitrojeni wothiridwa m'minda safika mu mbewu: amauluka, kapena amakokoloka n'kukaononga mitsinje ndi nyanja.

Chimene chili m'manja mwathu

Mfundo yomalizayi ndi imene ikutikhudza pafupi. Mtengo wa gasi sitingausinthe, koma zimene zimachitikira thumba likafika pamunda tingazisinthe. Urea akamwazidwa pamwamba pa nthaka yotentha n'kusiyidwa osakwirira, amabwerera kukhala amoniya n'kuuluka. Ganizirani: adatengedwa mumpweya ndi moto wa madigiri 500, adawoloka nyanja, adadya malipiro anu a mwezi, kenako n'kubwerera kumene adachokera chifukwa sitidaboole kadzenje n'kukwirira. Kuthira nthaka ili ndi chinyontho, pambali pa phando, n'kukwirira, ndi ndalama imeneyo. Thumba lotsegulidwa lizimangidwa bwino n'kuikidwa pouma, chifukwa Urea amakoka chinyezi. Manyowa ndi zinyalala za mbewu zimathandiza nthaka kugwira chakudyacho kuti chisatsike msanga ndi madzi.

Komanso tisaiwale kuti fakitale ina tili nayo kale. Mukadzapita kumudzi nyengo ya dzinja, dzazuleni soya kapena mtedza umodzi, n'kuswa kathuza kamodzi ka kumizu. Mukapeza m'kati muli mofiirira, dziwani kuti mukugwira ntchito. Tizilombo ta mmenemo tili ndi catalyst wawo wotchedwa nitrogenase, amene naye pakatikati pake pali chitsulo. Amamasula mfundo zitatu zomwe zija popanda gasi, popanda dola, pa kutentha kwa nthaka ya ku Dowa. Sangalowe m'malo mwa thumba lonse, koma kasinthasintha wa chimanga ndi soya, kapena kubzala nandolo pakati pa chimanga, kumachepetsa njala ya nthaka chaka chotsatira.

Ndiye foni ikalira chaka chino, tumizani imene mungathe. Koma musadule msanga. Afunseni mayi kuti athira liti, akwirira bwanji, ndipo ndime ya kumunsi ija adzalamo chiyani.